Mpikisano wa snooker wa dziko lonse wa caka ca 1978

Mpikisano wa snooker wa dziko lonse wa caka ca 1978 unacitikira mumzinda wa Sheffield, ku England, kuyambira pa 17 mpaka pa 29 Abril. Amene anatenga cikho ndi Ray Reardon wa ku Wales. Pa ndime yomaliza iye anagonjetsa Perrie Mans wa ku South Africa, kumene ambiri timangoti ku Joni. Reardon anapambana magemu 25, Mans magemu 18.

Mpikisanowu umatikhudza ife a kumwera kwa Africa. Kuyambira 1977, mpikisano wa dziko lonse umacitikira m'nyumba imodzimodzi caka ndi caka. Kufika 2025, Mans ndiye munthu yekhayo wa ku Africa amene anafika pa ndime yomaliza m'nyumba imeneyo. Iye anali katswiri pa kulowetsa mipira yovuta. Koma anakumana ndi munthu amene ankadziwanso kumene mpira woyera uyenera kukaima, ndipo cikho cinatsalira kwa ameneyo.

Snooker ndi ciyani?

Mwina munaonapo anyamata atazungulira tebulo la nsalu yobiriwira pa baraka, kaya kumsika, kaya m'mbali mwa msewu wopita ku Cassacatiza. Masewero amenewo ena amati bilhar, ena amati pool. Snooker ndi m'bale wake. Nayonso imaseweredwa ndi ndodo, pa tebulo la maenje 6. Koma tebulo la snooker ndi lalikulu. M'litali limapitirira pang'ono mamita 3 ndi theka, m'lifupi limatsala pang'ono kukwana mamita 2. Pakamwa pa maenje ake ndi popanikiza, conco mpira sulowa wamba.

Masewerowa anayambira ku India m'ma 1870, pakati pa asilikali a ku Britain amene anali kumeneko. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unatha mu 1927, ndipo anapambana ndi Joe Davis wa ku England. Dzina limeneli mulisunge, tikumana nalonso.

Pa tebulo pamakhala mipira 22. Umodzi ndi woyera, ndipo ndi wokhawo umene wosewera amaumenya ndi ndodo. Mipira 15 ndi yofiira. Yotsala 6 ndi ya mitundu yosiyana. Mpira uliwonse uli ndi mapointi ake:

- wofiira: 1
- wacikasu: 2
- wobiriwira: 3
- wakhofi: 4
- wabuluu: 5
- wapinki: 6
- wakuda: 7

Wosewera amayamba ndi kulowetsa wofiira. Ukalowa, amasankha wa mtundu wina uliwonse. Nawonso ukalowa, amabwerera kwa wofiira, kenako wa mtundu, comweco mpaka ataphonya. Akaphonya, mnzake ndiye amabwera pa tebulo. Wofiira ukalowa sutulukanso, koma wa mtundu woweruza amautulutsa ndi kuubwezera pamalo pake. Yofiira ikatha, mipira 6 ija imalowetsedwa motsatana, kuyambira wacikasu mpaka wakuda. Amene ali ndi mapointi ambiri pamenepo wapambana gemu imodzi. M'Cingelezi gemu yotere amati frame.

Mapointi amene munthu wapeza pa ulendo umodzi osaphonya amawachula kuti break. Tiyeni tiwerenge aakulu amene angapezeke. Wofiira ndi wakuda pamodzi ndi 8. Kubwereza ka 15 ndi 120. Mipira 6 yomaliza ndi 27. Zonse pamodzi ndi 147. Kungofika pa 100 ndi nchito yaikulu kale, cifukwa pamafunika kulowetsa mipira yoposa 20 motsatana.

Kodi munthu angalowetse bwanji mipira yonseyo osaphonya? Cinsinsi cake ndi mpira woyera. Katswiri akamenya, amafuna kuti mpira wina ulowe, komanso kuti woyera ukaime pabwino, pomwe angamenyerenso mosavuta. Akaona kuti palibe colowetsa, amabisa woyera kuseri kwa mpira wina kuti mnzake asaone poumenyera. Kubisa kumeneku nakonso amakuchula kuti snooker. Mnzakeyo akalephera kukhudza mpira woyenera, amapereka mapointi 4 kapena kuposa.

Malo ndi dongosolo la mpikisano

Nyumba imene tanena ija ndi Crucible Theatre. Ndi nyumba ya zisudzo, ndipo mumalowa anthu osakwana 1,000. Oonerera amakhala pafupi kwambiri ndi tebulo, moti munthu akangokhosomola wosewera amamva. Caka ca 1978 cinali caciwiri kuti mpikisano ucitikire mmenemo.

Osewera anali 16. Mwa iwo, 8 analowa mwacindunji cifukwa anali pamwamba pa mndandanda wa akatswiri. Ena 8 anayamba apikisana m'masewero acipulula kuti apeze malo. Mans anali m'gulu laciwirili. Dongosolo lake linali lakuti ukagonja kamodzi, basi, ubwerere kwanu.

Pa ndime yoyamba ndi yaciwiri, wopambana anali woyamba kufika pa magemu 13. Pa ndime yacitatu anali woyamba kufika pa 18. Pa ndime yomaliza anali woyamba kufika pa 25. Ndiye kuti masewero a anthu awiri okha ankatenga masiku angapo.

Ndalama zonse za mphoto zinali mapaundi 24,000. Paundi ndi ndalama ya ku Britain. Wopambana analandira 7,500 ndipo waciwiri 3,500. Lero ndalamazo zinakwera kwambiri: wopambana wa 2025 analandira mapaundi 500,000. Cimodzi mwa zinthu zimene zinakweza mphoto ndi wailesi yakanema. Mu 1978, kwa nthawi yoyamba, BBC inaonetsa mpikisanowu tsiku ndi tsiku, ndipo anthu mamiliyoni anaonera ali m'nyumba zawo.

Perrie Mans ndi Ray Reardon

Perrie Mans anabadwa mu 1940 ku Lichtenburg, ku South Africa. Bambo ake, Peter Mans, nawonso anali katswiri wa snooker. Perrie anali wamanzere. Anachuka ndi kulowetsa mipira ya patali, yomwe ena sakanayesa n'komwe. Ankamenya mwamphamvu ndiponso mosaopa. Koma mpira woyera sankausamala kwenikweni, conco ulendo wake pa tebulo unkakhala waufupi. Kwawo anakhala katswiri wa dziko kwa zaka zambiri. Mu 1977 anapambana Pot Black, mpikisano wa pa BBC wa gemu imodzi imodzi, ndipo anthu a ku Britain anamudziwa bwino.

Pali cinthu cina coyenera kucinena poyera. Mans anali mzungu, ndipo nthawi imeneyo South Africa inali pansi pa ulamuliro wa tsankho, umene unakhalapo kuyambira 1948 mpaka 1994. Malamulo a tsankho ankalekanitsa anthu ngakhale m'malo osewerera. Munthu wakuda, kaya akhale ndi dzanja labwino cotani, analibe mwayi umene Mans anali nawo. Cifukwa ca tsankholo, dzikolo linaletsedwa kupita ku Olympics, ndipo mu 1976 linacotsedwa m'bungwe la mpira wamiyendo la FIFA. Ku snooker munthu ankalowa payekha, ndiye Mans ankaloledwa kusewera. Pamene iye ankasewera ku Sheffield, Mozambique inali isanakwanitse zaka 3 za ufulu.

Ray Reardon anabadwa mu 1932 ku Tredegar, ku Wales. Kumeneko kunali migodi ya malasha, monga ku Moatize kwathu kuno ku Tete. Iye analowa mumgodi ali ndi zaka 14. Mu 1957 mgodi unamugumukira, ndipo anakhala wokwiririka maola 3 asanamutulutse. Pambuyo pake anasiya nchitoyo ndi kukhala wapolisi. Mu 1967 anasiyanso upolisi kuti snooker ikhale nchito yake. Pofika 1978 anali atatenga kale cikho ca dziko lonse kasanu: mu 1970, 1973, 1974, 1975 ndi 1976. Ankadziwika kuti ndi wodekha, woganiza patali, wosapatsa mnzake mpata wamba.

Awiriwa anali atakumanapo. Mu 1976 anasewera pa ndime yacitatu ya mpikisano womwewu, ndipo Reardon anapambana 20 kwa 10.

Ndime yoyamba

Zotsatira zinali motere. Dzina loyamba ndi la wopambana.

- Perrie Mans 13, John Spencer 8
- Graham Miles 13, David Taylor 10
- Patsy Fagan 13, Alex Higgins 12
- Fred Davis 13, Dennis Taylor 9
- Eddie Charlton 13, Willie Thorne 12
- Cliff Thorburn 13, Pat Houlihan 8
- Bill Werbeniuk 13, John Pulman 4
- Ray Reardon 13, Doug Mountjoy 9

Codabwitsa cacikulu cinali pa mzere woyambawo. John Spencer ndiye anali mwini cikho, popeza anapambana mu 1977. Posewera ndi Mans, iye anapeza mapointi 138 pa ulendo umodzi. Palibe amene anaposa pamenepo pa mpikisano wonse. Komabe anatuluka pa ndime yoyamba. Zinatheka bwanji? Pa snooker amawerenga magemu. Ukapambana gemu ndi mapointi 138, ndi gemu imodzi. Ukaipambana mnzako atangotsalira ndi pointi imodzi, ndi gemu imodzinso. Mans ankatola mapointi ocepa ocepa, koma magemu ambiri ankathera kwa iye.

Taonaninso masewero awiri amene anatha 13 kwa 12. Pamenepo ndiye kuti anthu awiri anafanana 12 kwa 12, ndipo gemu imodzi yomaliza ndi imene inagamula. Alex Higgins, amene anali katswiri wa dziko lonse mu 1972, anatulukira pa gemu yotereyi.

Ndime yaciwiri

Apa panatsala anthu 8.

- Perrie Mans 13, Graham Miles 7
- Fred Davis 13, Patsy Fagan 10
- Eddie Charlton 13, Cliff Thorburn 12
- Ray Reardon 13, Bill Werbeniuk 6

Charlton wa ku Australia anapulumukiranso pa gemu yomaliza, kaciwiri motsatana. Thorburn ndi Werbeniuk, onse a ku Canada, anathera pomwepa.

Ndime yacitatu

- Perrie Mans 18, Fred Davis 16
- Ray Reardon 18, Eddie Charlton 14

Masewero a Mans ndi Fred Davis amakumbukika mpaka lero. Davis anali ndi zaka 64. Anali atatenga cikho ca dziko lonse ka 8, komaliza mu 1956, Mans ali mnyamata wa zaka 15. Pa msinkhu umene ambiri amakhala atapuma nchito, iye anagonjetsa anthu awiri aang'ono kwa iye ndi kufika pa anthu anayi otsiriza. Anamenyana ndi Mans magemu 34, ndipo anasiyana ndi awiri okha.

Pakati pa oonerera panali mkulu wake wa Fred, Joe Davis uja anapambana mu 1927. Joe anatenga cikho ka 15 motsatana, ndipo anasiya mu 1946 asanagonjepo pa mpikisanowu. Mu 1978 anali ndi zaka 77. Akuonera mng'ono wake akusewera, anayamba kumva m'thupi. Anapita naye kucipatala ndipo anamucita opaleshoni, koma sanacire bwinobwino. Anamwalira pa 10 Julho caka comweco.

Amene anagonja pa ndime imeneyi anaseweranso kuti apeze wacitatu. Charlton anagonjetsa Davis 7 kwa 3.

Ndime yomaliza

Masewero omaliza anatenga masiku atatu, kuyambira pa 27 mpaka pa 29 Abril. Anasewera magemu 43. Reardon anapambana 25, Mans 18. Kusiyana kwake kunali magemu 7.

Kutenga magemu 18 kwa munthu ngati Reardon si masewera. Zaka ziwiri m'mbuyomo Mans anangotenga 10. Koma tiyeni tione cimene cinasiyanitsa awiriwa. Pa mpikisano wonsewu Mans sanafike pa mapointi 100 pa ulendo umodzi ngakhale kamodzi, pamene Reardon, Spencer, Fred Davis ndi ena anafikapo. Ndiye kuti Mans ankafunika kubwera pa tebulo kangapo kuti amalize gemu imodzi. Ulendo uliwonse ankayenera kulowetsanso mpira wovuta. Mpira wovuta umalowa lero, mawa n'kukana. Ukakana, umasiyira mnzako mpata.

Pa masewero aafupi, munthu wolimba mtima cotere angagwetse wina aliyense. Ndi cifukwa cake Mans anapambana Pot Black, ndipo anatha kutulutsa Spencer. Koma masiku atatu ndi ambiri. Dzanja limatopa, maso amatopa, ndipo mwayi sukhala mbali imodzi. Pa ulendo wautali wotere amatsogola ndi munthu amene amadzikonzera mipira yosavuta ndi kusiyira mnzake yovuta. Reardon anali wotero. Asanamenye, ankakhala ataona kale mpira waciwiri ndi wacitatu.

Cimeneci cinali cikho ca 6 ca Reardon, ndipo cinali comaliza. Anali ndi zaka 45. Palibe anali atatengapo cikhoci ali wamkulu kuposa pamenepo. Mbiri imeneyi inakhala zaka 44, mpaka Ronnie O'Sullivan anapambana mu 2022 ali ndi zaka 46.

Mndandanda wa akatswiri

Mipikisano ya snooker ili mitundu iwiri. Ina imangopereka cikho ndi ndalama. Ina imaperekanso mapointi a pa mndandanda wa akatswiri. Mndandanda umenewu umaonetsa amene ali woyamba pa dziko lonse, waciwiri, wacitatu, mpaka pansi. Ndi wofunika cifukwa amene ali pamwamba salowa m'cipulula, ndipo amaitanidwa ku mipikisano ina ya ndalama zambiri.

Mndandanda unayamba mu 1976. Nthawi imeneyo mpikisano wa dziko lonse ndi wokhawo umene unkapereka mapointi otere, ndipo ankawerenga zaka 3 zapitazo. Wopambana ankapeza 5. Wogonja pa ndime yomaliza ankapeza 4, pa ndime yacitatu 3, pa ndime yaciwiri 2, pa ndime yoyamba 1.

Tiyeni tiphatikize. Reardon anapambana mu 1976, ndiye 5. Mu 1977 anathera pa ndime yaciwiri, ndiye 2. Mu 1978 anapambananso, ndiye 5. Zonse ndi 12, ndipo anali woyamba pa mndandanda. Mans anathera pa ndime yacitatu mu 1976, ndiye 3. Mu 1977 anatuluka pa ndime yoyamba, ndiye 1. Mu 1978 anafika pa ndime yomaliza, ndiye 4. Zonse ndi 8. Anaikidwa pa nambala 2 pa dziko lonse, malo apamwamba kwambiri amene anafikapo pa moyo wake.

Zimene zinatsatira

Mu 1979 Mans anapambana mpikisano wina waukulu wochedwa Masters, ku London. Pa ndime yomaliza anagonjetsa Alex Higgins 8 kwa 4. Pa mpikisano wonsewo, mapointi ake aakulu pa ulendo umodzi anali 48 okha. Masewero ake anali aafupi kuposa a ku Sheffield, conco kaseweredwe kake kanamuthandiza. Koma Masters sipereka mapointi a pa mndandanda, ndipo Mans sanafikenso pa ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse.

Cimene Mans analephera anadzacita ndi mnzake wa ku South Africa komweko, Silvino Francisco. Mu 1985 iye anapambana British Open mumzinda wa Derby, ku England. Anagonjetsa Kirk Stevens wa ku Canada 12 kwa 9, ndipo analandira mapaundi 50,000. Kufika 2025, Francisco ndiye munthu yekhayo wa ku Africa amene anapambanapo mpikisano wopereka mapointi a pa mndandanda.

Onse atatu anatisiya motsatana. Mans anamwalira mu Setembro 2023 ali ndi zaka 82. Reardon anamwalira mu Julho 2024 ali ndi zaka 91. Francisco anamwaliranso mu 2024, m'mwezi wa Dezembro.

Masiku ano snooker yakula kwambiri ku Asia. Mu 2025 Zhao Xintong wa ku China anakhala munthu woyamba wa kumeneko kutenga cikho ca dziko lonse. Africa ikudikirabe. Tsankho linatha, koma tebulo la snooker ndi lokwera mtengo, limafuna cipinda cacikulu, ndipo mipikisano yambiri imacitikira kutali, ku Britain ndi ku China. Wacinyamata wa kuno amayambira pa tebulo laling'ono la pa baraka. Ngakhale pamenepo, lamulo la mpira woyera ndi lomwelo: musanamenye, dziwani kumene ukaime.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi mpikisanowu unacitikira kuti, ndipo unatenga masiku angati?
2. Wosewera walowetsa wofiira, wabuluu, wofiira, kenako wakuda. Wapeza mapointi angati?
3. N'cifukwa ciyani Spencer anagonja ngakhale anapeza mapointi 138 pa ulendo umodzi?
4. Phatikizani magemu onse amene Mans anasewera pa ndime zonse zinayi, opambana ndi ogonja omwe. Ndi angati?
5. Fotokozani m'mawu anu kusiyana kwa kaseweredwe ka Mans ndi ka Reardon.